Pamene Ndeke za ku London Zinali Kutera ku Mpika

Mukatenga mapu a Zambia ndi kutambasula ulusi kucokera ku Kabwe kufika ku Mpika, mudzapeza mtunda wa makilomita pafupifupi 435. Mpika ili makilomita 290 kumpoto kwa Kabwe ndi makilomita ena 325 kum'mawa, ndipo ndeke imangodula pakati. Pa mseu mtunda umakula kufika pafupifupi 500, cifukwa motoka iyenera kuyamba yafika ku Kapiri Mposhi, kenaka ikhotere ku Mkushi ndi ku Serenje. Matauni onse awiri ali ndi mabwalo a ndeke ang'onoang'ono, koma lero simungagule tikiti ya ndeke yocoka pa bwalo limodzi kupita pa linzake. Ambiri mwa ife sitiganiza n'komwe kuti ulendo wotero ungakhalepo.

Komatu unalipo. Mu 1932 mtunda umenewu unali cigawo ca ulendo wa ndeke wocokera ku London kupita ku Cape Town. Mlungu uliwonse ndeke ya kampani ya Imperial Airways inali kutera ku Mpika, kumwa mafuta, ndi kunyamuka kupita ku Kabwe, kumene pa nthawiyo kunali kuchedwa Broken Hill. Dzina la Mpika linali kulembedwa pa ndandanda imodzi ndi Paris, Cairo, Khartoum, Nairobi ndi Johannesburg. Nanga boma laling'ono la m'mphepete mwa mapiri a Muchinga linalowa bwanji m'gulu limeneli, ndipo linatulukamo bwanji? Yankho lake lili m'nkhani ya katundu amene amadzidya yekha pa njira.

Ndeke zisanabwere, mtunda umenewu unali kuyesedwa ndi mapazi. Njanji yocokera kum'mwera inafika ku Broken Hill mu 1906, patapita zaka zinayi kucokera pamene azungu anapezako miyala ya mtovu ndi zinki. Kucokera pa njanji kupita kumpoto ca kum'mawa kunalibe sitima, ndipo mseu weniweni wa motoka kunalibenso. Zonse zinali kuyenda pamutu pa munthu. Pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, kuyambira mu 1914, asilikali a Britain anali pa malire a kumpoto, ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, kuyang'anizana ndi Ajeremani amene anali kulamulira dziko limene tsopano ndi Tanzania. Cakudya ndi zipolopolo zao zinali kucokera ku njanji, ndipo amene anazisenza ndi makolo athu, amtengatenga, ambiri mwa iwo mokakamizidwa.

Mtengatenga anali kusenza katundu wa makilogiramu pafupifupi 27, ndipo pa tsiku anali kuyenda makilomita pafupifupi 24. Conco kucoka ku Broken Hill kufika ku Mpika unali ulendo wa milungu itatu. Tsopano ciwerengereni nokha. Ngati katunduyo ndi unga, ndipo wosenzayo adya kilo imodzi pa tsiku, pofika ku Mpika watsala ndi wocepa kwambiri, ndipo sanayambe ulendo wobwerera. Ndiye cifukwa cake atsamunda anamanga nkhokwe za cakudya m'mbali mwa njira, ndiponso anatsegula njira ya mabwato kudutsa m'madambo a Bangweulu. Wonyamula katundu amene amadya katundu wake sangapite patali popanda malo opumira ndi kuonjezera.

Nkhondo itatha, boma la Britain linafuna njira ya m'mwamba yocokera ku Cairo kufika ku Cape Town. Mu 1919 linatumiza magulu atatu a asilikali a ndeke kuti alambule mabwalo. M'dziko lathu, limene linali kuchedwa Northern Rhodesia, mabwalo akulu anali ku Abercorn, Ndola, Broken Hill ndi Livingstone. Mabuku a azungu amachula maina a akuluakulu a maguluwo, koma nchito yeniyeni inagwiridwa ndi anthu akuda okhala ndi nkhwangwa, makasu ndi madengu. Ku Ndola kokha, anthu 700 anagwira nchito kuyambira April mpaka August 1919, ndipo anacotsa dothi lolemera matani pafupifupi 25,000 pogumula zulu za ciswe. Amene anaonapo culu ca ku Copperbelt, cacitali kupitirira nyumba, adziwa kuti imeneyi sinali nchito yamasewera.

Oyamba kudutsa njira yonseyo anali asilikali awiri a ku South Africa, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand. Ananyamuka ku England pa 4 February 1920 pa ndeke yochedwa Silver Queen, imene inagwa isanapitirire mtsinje wa Nile. Anapitiriza ndi ina, Silver Queen II, ndipo anadutsa ku Abercorn, Ndola, Broken Hill ndi Livingstone. Imeneyonso inaphwanyika ponyamuka ku Bulawayo. Anafika ku Cape Town pa 20 March pa ndeke yacitatu. Onani kuti Mpika sinali pa njira imeneyi. Njira ya 1919 inali kutsika kucokera ku Tabora ndi kulowera ku Abercorn, kumpoto kwenikweni kwa Mpika.

Zinthu zinasintha pamene kampani ya Imperial Airways, imene inakhazikitsidwa mu 1924, inayamba kukonza ulendo wa mlungu ndi mlungu wonyamula makalata ndi anthu. Kampani ya malonda siikanalambalala Nairobi, kumene kunali azungu ambiri a ndalama. Ndipo mukacoka ku Nairobi kulinga ku Broken Hill, njira yacidule imadutsa ku Dodoma ndi ku Mbeya, tauni imene pa nthawiyo inali kukula cifukwa ca golide wa ku Lupa. Kucoka ku Mbeya kufika ku Broken Hill ndi makilomita pafupifupi 820. Apa m'pamene Mpika inapezera mwayi, cifukwa ili pafupifupi pakati penipeni: makilomita 390 kucokera ku Mbeya, ndi 435 kufika ku Broken Hill.

Ndeke imene inayamba nchito pa cigawo cimeneci inali de Havilland Hercules, ya mapiko awiri osanjikizana ndi mainjini atatu. Inali kunyamula anthu osafika khumi, ndipo liwiro lake linali makilomita pafupifupi 175 pa ola. Pa liwiro limenelo, kucoka ku Mpika kufika ku Broken Hill unali ulendo wa maola awiri ndi theka. Kucoka ku Mbeya osaima kukanatenga maola pafupifupi asanu, ndipo mphepo ikakhala yoomba kumaso, kuposa pamenepo. Vuto lake linali lija la mtengatenga. Ndeke nayonso imadya katundu wake. Lita iliyonse ya petulo imene yanyamula ndi kulemera kumene kukanakhala thumba la makalata kapena munthu wolipira tikiti. Ikadzaza mafuta a ulendo wautali, yacepetsa malonda. Ikanyamula malonda ambiri, iyenera kutera kawirikawiri.

Dziko lathu linaonjezerapo vuto lina. Mpika ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,400 kucokera pa nyanja yaikulu, ndipo Kabwe ili pafupifupi 1,200. Pamalo okwera ndi otentha mpweya umakhala wopepuka, mainjini amacepa mphamvu ndipo mapiko sagwira bwino. Ndeke yolemera imene ikananyamuka mosavuta ku England, kuno inali kuthamanga bwalo lonse isanadzuke. Kulemera pamalo okwera n'kumene kunaphwanya Silver Queen II ku Bulawayo. Conco woyendetsa wanzeru anali kunyamula mafuta ongokwanira kufika pa bwalo lotsatira ndi otsalako pang'ono. Mtunda wa pakati pa mabwalo sunasankhidwe poyang'ana kumene kuli anthu ambiri. Unasankhidwa ndi thanki ya ndeke.

Ndipo kuti ndeke ipeze petulo ku Mpika, petuloyo anayenera kufikako pansi, pa malole ocokera ku njanji, kudutsa mseu wafumbi wa Great North Road umene m'dzinja unali kusanduka matope. Maola awiri ndi theka a m'mwamba anali kudalira masiku a anthu a pansi: oyendetsa malole, okankha malole akatitimira, osenga udzu pa bwalo, ogumula ciswe cikayambanso kumanga, ndi opopa mafuta ndi manja.

Ulendo woyamba unaonetsa kuti mapu ndi dziko lenileni ndi zinthu ziwiri. Makalata oyamba opita ku Cape Town ananyamuka ku London pa 20 January 1932, ndipo opita ku London ananyamuka ku Cape Town pa 27 January. Aliyense wa kuno akanawauza kuti January ndi pakati pa dzinja. Ndeke yopita kum'mwera, City of Baghdad, itacoka ku Mbeya inakumana ndi mvula yamkuntho, inalephera kufika ku Mpika, ndipo inatera ku Shiwa Ng'andu, pa famu ya Stewart Gore-Browne. Kumbali ya kum'mwera zinthu zinaipa koposa. Ndeke yoyamba yonyamula makalata a ku London, City of Basra, inaonongeka pa bwalo la Salisbury, kumene lero ndi Harare. Ina, City of Delhi, inatenga makalatawo, koma nayonso mvula inaitsekera njira ndipo inatera m'dambo isanafike ku Broken Hill. Anaifunafuna ndi ndeke zina mpaka kuipeza. Matumba a makalata a m'mwamba aja anatuluka m'dambomo pamutu pa amtengatenga, ndipo anafika ku London pakati pa February.

M'masiku ocepa omwewo, ndeke zonse ziwiri, yopita ndi yobwera, zinagonja ku mvula ya dziko lino, ina kumpoto kwa Mpika, ina kufupi ndi Broken Hill. Woyendetsa wa nthawi imeneyo anali kuyenda ndi mapu, kampasi, wailesi yosadalirika ndi maso ake. Sakanakwera pamwamba pa mitambo ya mvula monga zimacitira ndeke za lero. Pakati pa Mpika ndi Broken Hill, pansi pake panali thengo la miombo lofanana kulikonse, kum'mawa kuli cigwa ca Luangwa ndi zitunda za Muchinga, kumadzulo kuli madambo a Bangweulu. Mitambo ikatsika, makilomita 435 anali kukhala aatali kwambiri.

Ngakhale zinali tero, ulendowo unakhazikika. Kuyambira pa 27 April 1932 anayamba kunyamula anthu kucokera ku London mpaka ku Cape Town, ulendo wa masiku 11 wophatikiza ndeke za pamtunda, ndeke zotera pamadzi ndi sitima ya pa njanji kudutsa France ndi Italy. Mu 1933 ndeke zatsopano za mainjini anayi, Armstrong Whitworth Atalanta, zinalowa m'malo mwa Hercules.

Koma anali kukwera ndani? Tikiti yocokera ku London kufika ku Cape Town inali mapaundi 130, kutanthauza masheleni 2,600. Mu 1935 boma la atsamunda litakweza msonkho wa amuna a ku migodi kufika pa masheleni 15 pa caka, anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya ananyanyala nchito, ndipo ku Luanshya apolisi anapha anthu asanu ndi mmodzi. Tikiti imodzi ya ndeke inali yofanana ndi msonkho wa caka conse wa amuna 173. Pa zaka zomwezo, anyamata a Cibemba ndi a Cibisa ocokera ku Mpika anali kupita ku migodi ya Broken Hill ndi Copperbelt kukafuna ndalama za msonkhowo, ambiri pa mapazi, ena pamwamba pa katundu wa lole. Mtunda unali umodzi, koma wina anali kuudutsa asanamve njala, wina anali kuudutsa m'milungu itatu atamanga kamba. Wa pansi anali kumva kulira kwa mainjini kumwamba ndi kupitiriza ulendo wake.

Akulu anati mlendo ndi mame. Mu 1937 Imperial Airways inabweretsa ndeke zazikulu zotera pamadzi, Short Empire, ndipo njira yaikulu inasamukira ku gombe la nyanja. Kucoka ku Kisumu zinali kupita ku Mombasa, Dar es Salaam, Beira, Lourenço Marques imene lero ndi Maputo, mpaka Durban. Ku Mpika kulibe nyanja, ku Broken Hill kulibenso. Patangopita zaka zisanu, matauni awiriwa anacoka pa njira yaikulu ndi kutsala pa kanjira kodyetsa njirayo. Kampani yaing'ono ya ku Nairobi, Wilson Airways, imene inayambitsidwa ndi mai Florence Kerr Wilson mu 1929, ndiyo inapitiriza kudutsa ku Mbeya, Mpika ndi Broken Hill mpaka ku Lusaka, mzinda umene unali utakhala likulu la dziko mu 1935. Anthu a ku Mpika sanalakwe ciliconse, ndipo palibe anawafunsa. Makina anasintha, ndipo amene anali ku London anajambula mzere wina pa mapu.

Pambuyo pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, ndeke zinayamba kuuluka patali ndi pamwamba. Pa 2 May 1952 ndeke ya jeti yochedwa Comet inayamba kunyamula anthu kucokera ku London kupita ku Johannesburg, ulendo wosakwana maola 24. Inali kuima ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone. Kucoka ku Entebbe kufika ku Livingstone inali kudumpha kamodzi, kudutsa dziko lathu lonse kucokera kumpoto mpaka kum'mwera osatera. Mtunda umene Hercules inali kuuona ngati ulendo wathunthu, Comet inali kuumaliza ola lisanakwane. Bwalo limene linalipo cifukwa ca kucepa kwa thanki linalibenso nchito thanki itakula.

Apa tisanene kuti ndeke zazing'ono zinatha. Kampani ya Central African Airways, imene maboma a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa mu 1946, inali kutumiza tindeke ta injini imodzi tochedwa Beaver ku Mongu, Kalabo, Senanga ndi malo ena a ku Barotseland. Kumeneko ndeke inali ndi nchito yeniyeni, cifukwa mcenga ndi madzi osefukira a Zambezi anali kutseka njira za pansi kwa miyezi. Anthu anali kukwera kuti akafike ku Mongu kapena ku Kalabo, osati kungodutsa. Kusiyana kwake ndi Mpika ya 1932 kuli pomwepa.

Mpika inabwereranso m'nkhani za dziko, koma podzera pansi. Pa 11 November 1965 boma la Ian Smith ku Rhodesia linalengeza ufulu wake mopanduka, ndipo mafuta a Zambia, amene anali kubwera kudzera kum'mwera, anaduka. Kuyambira December caka comweco ndeke za Britain ndi Canada zinayamba kututa mafuta kubweretsa ku Lusaka ndi ku Ndola. Zina zocokera ku Dar es Salaam zinali kudutsa kumwamba kwa dera lomwe lija kumene kale ndeke zinali kutsika kudzapempha petulo. Pansi, malole odzaza madiramu anali kulimbana ndi Great North Road, imene oyendetsa anaipatsa dzina lakuti Hell Run cifukwa ca ngozi zake. Mu 1968 paipi ya mafuta ya TAZAMA inafika ku Ndola. Kuyambira mu 1970 mpaka 1975, Zambia, Tanzania ndi China anamanga njanji ya TAZARA ya makilomita 1,860 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi. Njanjiyo inadutsa ku Mbeya ndi ku Mpika, pafupifupi mzere womwe uja wa Imperial Airways, ndipo ku Mpika kunamangidwa malo okonzera sitima ndi sukulu ya anchito a njanji. Ndeke zinasiya ku Mpika bwalo la udzu. Njanji inabweretsa nchito, nyumba ndi mabanja, ndipo munthu wamba anakwanitsa kugula tikiti.

Masiku ano ndeke za m'dziko muno zimayenda ngati masipoko a njinga, zambiri kulinga ku Lusaka. Zambia Airways yakale itatsekedwa mu December 1994, makampani amene anatsala anasankha malo amene ali ndi okwera otsimikizika. Ku Solwezi zimapita cifukwa ca migodi ya kopa. Ku Mfuwe zimapita cifukwa ca alendo okaona nyama ku South Luangwa. Kabwe ili makilomita 140 cabe kucokera ku Lusaka, pafupi kwambiri moti nthawi yopita ku bwalo ndi kuyembekezera ndeke iposa ya pa basi. Ndipo anthu ocoka ku Kabwe kupita ku Mpika, amalonda, ana a sukulu ndi opita ku maliro, amakwera basi ndi kufika tsiku lomwelo pa mtengo umene angakwanitse.

Pali mtunda wina wa kufupi ndi Mpika umene ndeke ingathandizedi. Kucoka ku Mfuwe kufika ku Mpika m'mwamba ndi makilomita pafupifupi 170. Pakati pake pali mtsinje wa Luangwa ndi phiri la Muchinga, ndipo tinjira tokwera phirilo timafuna motoka yolimba ndi nyengo ya cilimwe. Munthu amene afuna mseu wa tala osatuluka m'dziko ayenera kuzungulira ku Chipata, Lusaka, Kabwe ndi Kapiri Mposhi, ulendo woposa makilomita 1,300. Anthu a kum'mawa ndi a ku Muchinga ndi anansi amene phiri linawapatula, monga mmene madzi anapatulira Mongu ndi Kalabo m'masiku a Beaver.

Conco pamene atsogoleri abwera ndi lonjezo la bwalo la ndeke m'boma lathu, tiwalandire bwino, koma tiwafunse mafunso amene anthu a ku Mpika sanapatsidwe mpata wofunsa mu 1932. Kodi amene adzatsika pa bwaloli abwera kudzacita ciani kuno? Kodi tikiti yake mphunzitsi, nesi kapena mlimi wa kuno adzaikwanitsa? Kodi pali phiri, dambo kapena mtsinje umene ndeke idzatidumphitsa, kapena mseu wabwino ungagwire nchito yomweyo pa mtengo wocepa? Bwalo limene anthu amateramo cifukwa ali ndi cocita pamalopo limakhalitsa. Limene amateramo cifukwa thanki yauma limakhala ndi moyo mpaka tsiku limene wina adzapanga thanki yaikulu, ndipo ku Mpika tsikulo linafika patangopita zaka zisanu.